Mphete ziwiri sizikwana kufotokoza Esther Phiri

Filimu ya Between Rings, imene Jessie Chisi ndi Salla Sorri wa ku Finland anatulutsa mu 2014, ikamba za Esther Phiri, mtsikana amene anali kugulitsa ndiwo zamasamba pamsika, ndipo pambuyo pake anakhala katswiri wa nkhonya wodziwika dziko lonse. Esther anayamba kuphunzira nkhonya ku Mtendere. Anali ndi mwana kale asanakwanitse zaka 20. Mphunzitsi wake, malemu Anthony Mwamba, ndiye anam'kweza mpaka kufika pomenyana ndi akatswiri akunja monga Belinda Laracuente ndi Duda Yankovich.

Mphamvu ya filimuyi ili pa mutu wake. M'Cingelezi, liwu limodzi lomwelo litanthauza mphete ya ukwati komanso bwalo lomenyeramo nkhonya. Opanga filimu anaona bwino kuti m'makomboni mwathu mkazi angabwere ndi lamba wa dziko lonse paphewa, koma azimayi a pampopi adzam'funsabe kuti, "Nanga ukwati liti?" Ici n'coona, ndipo n'cifukwa cake filimuyi ikhudza mtima. Sitiona ngwazi yokha yokweza manja, tiona munthu amene kuchuka sikunam'cotsere mafunso a apabanja ndi aneba.

Koma pomwepo ndi pamene ndili ndi dandaulo. Tikanena kuti moyo wa Esther uli pakati pa mphete ziwiri, tavomera kale kuti nkhani yaikulu ya mkazi ndi mwamuna, kaya alipo kaya palibe. Lottie Mwale atapambana lamba wa Commonwealth, anthu anakamba za dzanja lake ndi mphamvu zake. Kwa Esther timafulumira kulowa m'cipinda. Nanga luso lake? Kodi anali kuteteza bwanji nkhope, kuyendetsa bwanji mapazi, kupirira bwanji mpaka raundi yothera? Woyang'ana filimu wa ku Chawama kapena Kanyama amene afuna kuvala magolovesi afunika kumva zimenezi.

Pali funso lina limene nkhani za “kucoka pamsika kufika pamwamba” zimabisa: thupi. Wamasewera amagulitsa thupi lake pang'onopang'ono, ndipo thupi silibwerera. Ku Japan, kumene baseball ndi masewera aakulu, mnyamata wa sekondale Daisuke Matsuzaka anaponya mpira nthawi 250 m'masewera amodzi pa mpikisano wa Koshien mu 1998. Dziko lonse linam'tamanda. Anakafika mpaka ku Boston Red Sox mu 2007, koma mu 2011 cigongono cake cinafunika opaleshoni. Mpaka lero anthu a kumeneko amatsutsana ngati n'cilungamo kuombera m'manja mwana amene akutha dzanja lake. Ife funso lotere sitinayambe kulifunsa mokwanira. Womenya nkhonya akalandira zibakera kumutu zaka khumi, adzam'samala ndani malamba akapita kwa ena? Ndalama za pageti ndi za makampani othandiza zimagawidwa bwanji pakati pa womenya, mphunzitsi ndi wokonza masewera?

Ndine mphunzitsi, ndipo ndimaona m'kalasi mmene nkhani zotere zimagwirira nchito. Mwana akamva kuti wina anacoka pamsika n'kukhala ngwazi, amamva mbali imodzi cabe, yakuti sukulu ingadikire. Samva za anzake ambiri amene anathamanga m'mawa uliwonse m'fumbi lomwelo, koma dzina lawo silinafike pa wailesi. Wolemba kapena wojambula filimu amene akonda acinyamata afunika kuwauza zonse ziwiri.

Ngakhale n'tero, muionere filimuyi. Ndi imodzi mwa zocepa zimene zinaika mkazi wa m'komboni pakati pa cithunzi, wojambulidwa ndi mkazi mnzake wa kuno kwathu. Njira imene Esther anatsegula ioneka: Catherine Phiri anakatenga lamba wa WBC ku Mexico mu 2016, ndipo Barbra Banda anamenyapo nkhonya asanachuke pa mpira wamiyendo. Cimene catsala ndi nchito yathu. Inu olemba a ku Matero, George ndi Kalingalinga, lembani za atsikana awa monga anthu odziwa nchito yawo: thukuta, malipiro, zilonda ndi ukalamba. Za ukwati, adzatiuza okha akafuna.