Kujambula Bodza la Kalulu: Luso la Mabuku a Nthano Opanda Mawu

Buku la zithunzi lopanda mawu ndi buku limene nkhani yake yonse imayenda ndi zithunzi zotsatizana, ndipo zolembedwa, zikakhalapo n'komwe, kawirikawiri sizipitirira mutu wa bukulo ndi dzina la wojambula. Limasiyana ndi mabuku a ana ozolowereka, momwe chithunzi chimangoperekeza zimene zalembedwa kale m'munsi mwake, pakuti muno chithunzi chikalephera kuonetsa amene waputa mnzake, amene wapusitsidwa ndi chimene chakwiyitsa mkango, palibe chiganizo chobwera pambuyo kudzakonza cholakwikacho. Mabuku a mtundu umenewu anayamba kuchuluka ku America ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960, nthawi imene Mercer Mayer anatulutsa A Boy, a Dog and a Frog mu 1967, ndipo kuchokera pamenepo ojambula ambiri akhala akubwerera ku nthano za nyama, chifukwa ndi zazifupi, zili ndi otengambali ochepa, komanso mwana amazindikira mkango kapena kamba msanga kuposa munthu wachilendo wovala zachilendo.

Phindu la buku lotere limaoneka bwino m'dera ngati Lungwena, kum'mawa kwa nyanja ya Malawi m'boma la Mangochi, pamsewu wochokera ku Malindi kulowera kwa Makanjira. Ana ambiri kumeneko amakula akuyankhula Chiyao pakhomo, amakumana ndi zilembo za Chiarabu ku madrasa, ndipo akafika ku pulayimale amapeza mabuku a Chichewa ndi a Chingerezi. Boma linalola mu 1996 kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo chakwawo, koma mabuku a m'kalasi anapitirira kukhala m'ziyankhulo ziwiri zomwezo, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Buku lopanda mawu silisankha chiyankhulo, choncho agogo amene sanapite kusukulu angathe kulifotokoza m'Chiyao usiku, mlezi wa kumkombaphala n'kulifotokoza m'Chichewa m'mawa mwake, buku lake lomwelo. Maganizo omwewa ndiwo anachititsa bungwe la mabuku a ana la IBBY kuyamba kusonkhanitsa mabuku opanda mawu mu 2012 kaamba ka ana othawa kwawo ofika pachilumba cha Lampedusa ku Italy, ndipo ku South Africa bungwe la Book Dash, lomwe linayamba mu 2014, lili ndi mabuku angapo otere pakati pa mabuku amene limagawa mwaulere. Komabe kusowa kwa mawu pakokha sikupanga buku kukhala labwino, ndipo funso lofunika kwa wojambula ndi lakuti ndi nthano iti imene ingapirire kuchotsedwa mawu.

Chitsanzo chimene ambiri amachitchula ndi The Lion & the Mouse, buku la Jerry Pinkney la mu 2009, limene linapata mendulo ya Caldecott mu 2010. Pinkney anatenga nthano ya Aesop ya mkango ndi mbewa n'kuiika m'chigwa cha Serengeti, ndipo anajambula ndi pensulo ndi utoto wosungunula m'madzi, umene umalola kuwala kwa pepala kuonekera pansi pa ubweya wa nyama. Pachikuto chakutsogolo palibe ngakhale mutu wa buku: pali nkhope ya mkango yodzaza tsamba lonse, maso ake atapendekera kumbali, ndipo munthu akatembenuza bukulo amapeza kuti mkangowo ukuyang'ana mbewa imene ili pachikuto chakumbuyo. Zilembo zochepa zimene zili m'kati zimangotsanzira kulira kwa kadzidzi, kwa mbewa, kwa galimoto ya alenje ndi kubangula kwa mkango. Luso lalikulu la Pinkney lili pa zimene anawonjezera kuti zochita za nyama zikhale ndi chifukwa chooneka ndi maso. Mbewa ikukwera pamsana pa mkango chifukwa ikuthawa kadzidzi, osati mwachibwana. Ikamasulidwa ikuthamangira kuchisa kumene kuli ana ake, ndiye wowerenga amamvetsa kulemera kwa chifundo cha mkango popanda womuuza. Ndipo itatha kudula ukonde ndi mano ikunyamula mfundo ya chingwe kupita nayo kwa anawo. Mwana wa ku Dedza, kumene mbewa ndi ndiwo, ndi mwana wa m'banja la Chisilamu ku Lungwena, kumene sizidyedwa, angathe kuiona mbewayo mosiyana, koma onse awiri sangasochere pa zimene zachitika.

Nthano imeneyi inamuyendera bwino Pinkney chifukwa maziko ake ndi zochita za thupi: kugwira, kumasula, kukodwa, kudula. Nthano za kuno kwathu, makamaka za Kalulu, zimene Duff Macdonald anasindikiza zina mwa izo, zochokera kwa Ayao, mu 1882 ndipo R. S. Rattray anasindikiza zina m'Chinyanja mu 1907, zimayenda pa chinthu china, chomwe ndi pakamwa. Kalulu alibe mphamvu, alibe nyanga, ndipo chida chake ndi bodza lokoma, lonjezo labodza, kunyengerera ndi kudzichepetsa kwachiphamaso. Wojambula amene wachotsa mawu m'nthano ya Kalulu wachotsa chida cha mwini nthano, ndipo ntchito yake yonse imasanduka kufunafuna njira yojambulira bodza, ndiko kunena kuti kuonetsa pa tsamba limodzi zimene nyama yopusitsidwa ikukhulupirira pamodzi ndi zimene zilidi zoona.

Pali nthano zimene bodza lake lili ndi maonekedwe, ndipo yoposa zonse ndi ya Kalulu amene anauza Njovu kuti akokane chingwe, n'kukauzanso Mvuu zomwezo, kenaka n'kupatsa aliyense nsonga yake ya chingwe chimodzi. Nthano iyi ikufanana kwambiri ndi kapangidwe ka buku lotsegula, lomwe lili ndi masamba awiri oyang'anizana ndi mpindiro pakati. Njovu angaime kutsamba lakumanzere m'tchire la m'munsi mwa mapiri a Namizimu, Mvuu kutsamba lakumanja m'mabango a m'mphepete mwa nyanja, chingwe n'kudutsa pa mpindiro, pamene pali chulu kapena mlambe wobisa wina kwa mnzake, ndipo Kalulu n'kukhala pamwamba pa chulucho atapinda miyendo. Mwana akaona chithunzi chotere amadziwa chinthu chimene Njovu ndi Mvuu sakuchidziwa, ndipo kuseka kwake kumachokera pa kudziwa kumeneko. Wojambula wanzeru sangafulumire kuulula zimenezi. Angayambe ndi Njovu yekha akukoka chingwe cholowera kunja kwa tsamba, thukuta lili chuchuchu, kenaka Mvuu yekha akuterereka m'matope, ndipo pokhapokha pa kutembenuza kwachitatu n'kutambasula dziko lonse kuti maso aone nsonga zonse ziwiri. Chimodzimodzinso nthano ya mkango umene unaona chithunzithunzi chake m'chitsime n'kudumphiramo poyesa kuti ndi mdani, pakuti madzi amajambula okha bodza la Kalulu.

Nthano ya Pusi ndi Ng'ona, imene ana a kunyanja amaimva pafupi chifukwa ng'ona amazidziwa, ndi yovuta kwambiri. Pachimake pake Pusi ali pamsana pa Ng'ona pakati pa madzi, wauzidwa kuti mtima wake ukufunika ngati mankhwala, ndipo akudzipulumutsa ponena kuti mtimawo anausiya mumtengo. Apa palibe chinthu chooneka, pakuti mtima uli m'chifuwa ndipo mumtengo mulibe kanthu. Njira yapafupi ndi kujambula kamtambo koyandama pamutu pa Pusi, kamene m'makatuni a m'nyuzipepala kamaimira mawu kapena maganizo, m'kati mwake muli mtima wopachikidwa panthambi. Koma kamtamboko ndi chizindikiro chochita kuphunzira, monganso chizindikiro cha mtima chokhala ndi mapewa awiri, chimene sichifanana konse ndi mtima wa mbuzi kapena wa nkhuku umene mwana wa kumudzi anauonapo, ndipo mwana wa zaka zinayi angathe kuona mtengo wachiwiri woyandama m'mwamba n'kufunsa kuti unamera bwanji pamenepo. Kafukufuku wa William Hudson ku South Africa mu 1960, wogwiritsa ntchito chithunzi cha mlenje, gwape ndi njovu yaing'ono yojambulidwa chapatali, anatsutsidwa ndi akatswiri ambiri pa momwe anamasulira zotsatira zake, komabe anasiya mfundo imodzi yothandiza ojambula, yakuti njira zoonetsera kutalika, kuyenda ndi kuganiza pa pepala si zobadwa nazo. Wojambula amene sakufuna kudalira kamtambo ayenera kugwiritsa ntchito thupi la Pusi: dzanja limodzi likupapasa pachifuwa ngati munthu amene waiwala kanthu, lina likuloza kumtunda, nkhope yoyang'ana Ng'ona ili yodandaula, koma mchira, umene Ng'ona sakuuona, ukunjenjemera ndi mantha. Ngakhale zitatero, mbali ina ya bodzalo idzatsalabe kuti ikwaniritsidwe ndi munthu wofotokoza, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezo kusiyana ndi kudzaza tsamba ndi mivi ndi zizindikiro.

Kuvomereza kumeneku sikuchepetsa bukulo, chifukwa nthano sinakhalepo ya munthu mmodzi wokhala chete. Wosimba amati “padangotero”, omvera n'kuyankha kuti “tilitonse”, ndipo pakati pa nkhani pamabwera nyimbo imene onse amavomera. Buku lopanda mawu lingasunge kayendedwe kameneka pogwiritsa ntchito kubwereza. M'nthano ya chitsime chimene nyama zinakumba nthawi ya chilala Kalulu atakana kuthandiza, alonda amasinthana usiku ndi usiku, aliyense n'kunyengedwa ndi uchi mpaka kulola kumangidwa, kufikira Kamba atamugwira wakubayo. Wojambula akasunga chitsime pamalo amodzimodzi pa tsamba lililonse, mwezi uli kumbali yomweyo, n'kumangosintha mlonda ndi kamangidwe ka chingwe, mwana amayamba kulosera chimene chikubwera asanatembenuze tsamba, ndipo kubwereza kwa chithunzi kumapatsa wosimba malo oyambitsira nyimbo imene iye akuidziwa, kaya ya Chiyao kaya ya Chichewa. Tsamba la Kamba liyenera kuphwanya dongosolo limenelo, mwina poonetsa chitsime chopanda mlonda wooneka, mwala wokha uli m'madzi, kuti diso la mwana litulukire lokha kuti mwalawo uli ndi mutu.

Zithunzi zodikira munthu woti azifotokoze si zachilendo m'dziko lino. Zojambula za pamiyala ya ku Chongoni ku Dedza, zimene UNESCO inaziika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, zina mwa izo zinkagwiritsidwa ntchito pophunzitsa m'chinamwali, ndipo pakati pa Ayao panali zithunzi zoumbidwa pansi n'kulembedwa m'mbali ndi ufa, zotchedwa inyago, zimene Meredith Sanderson anazifotokoza mu 1955. M'miyambo yonse iwiri chithunzi chinkagwira nkhani kuti isathawe, koma tanthauzo linkaperekedwa ndi wamkulu woimirira pambali pake. Choopsa lero ndi chakuti wamkuluyo angasandutse buku kukhala mayeso, n'kumaloza nyama imodziimodzi kuti ana atchule dzina lake m'Chingerezi, nkhani n'kufera pomwepo. Wojambula angachepetse vutoli posajambula nyama zoima chilili zoyang'ana kutsogolo, pakuti nyama imene yagwidwa pakati pa kudumpha kapena kubisala imakakamiza wofunsa kufunsa kuti ikutani, osati kuti ndi chiyani.

Pali zina zing'onozing'ono zimene wojambulira ana a kunyanja sayenera kuzinyalanyaza. Mabuku ambiri a zithunzi amayendetsa nyama kuchokera kumanzere kupita kumanja potsata kalembedwe ka zilembo za Chilatini, koma mwana amene waona akuluakulu akutsegula Qur'an kuchokera mbali inayo angayambire buku kumapeto, ndiye kuyenera kuti chingwe, njira kapena mapazi a nyama zizitsogolera diso mosakayikitsa. Kugawa tsamba m'timabokosi tambiri kumasokoneza ana aang'ono, amene amaona akalulu anayi pamene wojambula amatanthauza Kalulu mmodzi pa nthawi zinayi. Za kuveka nyama malaya ndi zipewa, monga zimachitikira m'mabuku ambiri ochokera kunja, zilibe phindu kwenikweni, chifukwa khutu la kalulu logwa kapena loimirira limanena zambiri kuposa jekete. Malo nawo akhale odziwika, okhala ndi mabwato, mathandala oyanikapo usipa, migwalangwa ndi nkhwazi pamtengo wouma, koma asachuluke mpaka kumiza nkhani. Ndipo popeza kusindikiza ndi mitundu yonse n'kokwera mtengo, wojambula wodziwa mizere angakwanitse zambiri ndi mitundu iwiri kapena itatu, bola Kalulu akhale ndi mtundu wake wosasintha kuyambira tsamba loyamba.

Nthano zoti zijambulidwe zilipo zochuluka, pakuti a National Library Service, mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO m'dziko muno, anajambula pa kanema osimba nthano m'maboma osiyanasiyana, ndipo wojambula angaphunzire zambiri poonerera manja ndi nkhope za osimbawo pamene akutsanzira Fisi kapena Kamba. Chofunika kwa osindikiza mabuku ndi kusankha nthano zimene bodza lake lingaoneke ndi maso, monga ya chingwe ndi ya chitsime, ndi kusiya zodalira pakamwa pokha kuti zikhale m'mabuku a mawu. Ndipo zithunzi zisanapite kumakina, ziyambe zaperekedwa kwa ana a kumkombaphala ku Lungwena kapena kwina kulikonse, popanda kuwauza kanthu. Tsamba limene ana atatu alifotokoza m'njira zitatu zosagwirizana libwerere kwa wojambula.