Maso a Mmisiri ndi Chigwa cha Yellowstone

Ambiri a ife timapita m'tsinde mwa phiri tsiku ndi tsiku osakweza maso, kufikira mlendo atatifunsa dzina lake. Chimene tachizoloŵera chimaleka kutidabwitsa, ndipo chimene sichitidabwitsa sitichisamala. Mmisiri wojambula mapiri, mitsinje ndi nkhalango amatiimitsa kuti tiyang'anenso, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Koma kodi luso lotere lingathedi kupulumutsa malo? Mbiri ya Thomas Moran ingatithandize kuyankha.

Moran adabadwira ku England m'chaka cha 1837, nakulira ku America. M'chaka cha 1871 adatsagana ndi gulu la Ferdinand Hayden limene boma lidatuma kukayendera dera la Yellowstone, kumene kuli akasupe a madzi otentha othuvukira m'mwamba ndiponso chigwa chakuya cha miyala yachikasu. Anthu a m'mizinda ankayesa mbiri ya malowo nthano chabe. Zithunzi zimene Moran adajambula ndi utoto, pamodzi ndi zimene William Henry Jackson adatola ndi kamera, zidaonetsedwa kwa aphungu a nyumba ya malamulo. Pa 1 Malichi 1872 Pulezidenti Ulysses Grant adasaina lamulo losandutsa Yellowstone paki yoyamba ya dziko la America. Chaka chomwecho aphunguwo adagula chithunzi chachikulu cha Moran, chotchedwa The Grand Canyon of the Yellowstone, pa mtengo wa madola 10,000.

Tikachiyang'anitsitsa chithunzichi, chimene kutambalala kwake kuposa mamita 3, tiona nzeru za mwini wake. Kutsogolo adaika matanthwe akuda ndi mitengo ya paini, kotero kuti diso limathaŵa mdimawo nkuthamangira ku zipupa zoŵala za chigwa, mpaka likafike pa mathithi ofuka nthunzi chapatali. Pathanthwe lina paima tianthu tating'onoting'ono, toti munthu wothamanga sangatione. Apa Moran akutiphunzitsa msinkhu wathu weniweni pakati pa chilengedwe. Sadakopere malowo monga momwe aliri; adasuntha matanthwe ndi mitengo kuti woona amve mumtima chimene iye adamva ataima pamenepo. Ife sitimdzudzula pa zimenezi, chifukwa mapu amauza munthu njira, koma samkondetsa dziko.

Komabe tikadangoyamika tikadakhala osaona mtima. Chithunzichi chimaonetsa dziko longa lopanda eni ake, chonsecho anthu a mtundu wa Shoshone ndi mitundu ina adakhala akusaka ndi kuyenda m'mapiri amenewo kwa mibadwo yambiri. Pakiyo itakhazikitsidwa, sipadapite zaka zambiri eni dzikowo asanachotsedwemo. Tikumbukirenso kuti ndalama zina za ulendo wa Moran zidachokera kwa Jay Cooke, mwini chuma amene ankalipirira njanji ya Northern Pacific ndi kuyembekeza kudzanyamula alendo okaona malo. Motero utoto womwewo umene udatchinjiriza mathithi udathandizanso kuphimba anthu.

Phunziro lake nlakuti chithunzi cha malo chimatsogolera mtima wa wochiona, ndipo chikhoza kuudzutsa kapena kuugoneka tulo. Kwathu kuno timakondwa kuona Phiri la Mulanje litajambulidwa lobiriŵira, mitambo itakuta nsonga ya Sapitwa. Koma mkungudza wa paphiripo, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha nkhwangwa ndi moto. Chithunzi chobisa zitsa chimatitonthoza pa nthaŵi imene tiyenera kudzidzimuka.

Tikupempha amisiri athu kuti ajambule kukongola konse kumene akuona, koma asasiye kunja mayi wosenza nkhuni, mtsinje wodzaza mchenga, ndi mbande imene mwana wabzala. Ife oonerera tili ndi mbali yathu: tikachoka pa chithunzi, tipite tikaone phiri lenilenilo, tidziŵe mitengo imene yatsalapo ndi maina ake.