Kapepala kachikasu ka pa boiler

Boiler (chipangizo chotenthetsa madzi ofunditsira nyumba) yatsopano yogulitsidwa ku America imabwera ndi kapepala kachikasu, pamwamba pake palembedwa EnergyGuide. Bungwe la boma la Federal Trade Commission ndi limene limalamula kuti kakhalepo. Mawu ake ndi owerengeka, koma kwa mwininyumba wa ku Petworth, Capitol Hill kapena Takoma Park, m'dera la Washington, kumene chisanu cha mu Januwale chimalowa m'mafupa, kapepalaka kangamutayitse boiler imene ikanamutumikirabe zaka zambiri.

Chimene maso amayambira kuona ndi nambala yaikulu ya AFUE. Nambalayi imanena gawo la gasi kapena mafuta limene limasanduka kutentha pa chaka chonse. Pakalembedwa 84, ndiye kuti pa gasi wa madola 100 wochokera ku kampani ya Washington Gas, wa madola 84 watenthetsa madzi, wa madola 16 watuluka pachumuni. Amene anaphikapo pamafuwa kunja kuli mphepo amadziwa kuti moto wina umangothera pambali, osaukhudza mphika. Kuyambira mu Januwale 2021, boma sililola kupanga boiler ya gasi yotenthetsa madzi yosafika pa 84. Mu 1992 malirewo anali 80.

Pansi pa nambalayo pali mzere. Kumanzere kuli zomwa gasi kwambiri, kumanja zosamala gasi. Apa ndi pofunika kuwerenga modekha, chifukwa mzerewu ukuyerekeza zatsopano zokhazokha. Boiler yanu ya m'chipinda chapansi ija, imene inaikidwa inu musanalowe m'nyumbayo, palibepo. Choncho kapepalaka kakuyankha funso lakuti "Ndigule iti?" pamene funso limene likukusowetsani tulo ndi lakuti "Ndichotse imene ndili nayoyi?" Wogulitsa akaloza chala pa 95, mafunso awiriwa amaoneka ngati limodzi.

Kasamu kake n'kosavuta. Kuchoka pa 80 kupita pa 95 kumapulumutsa pafupifupi madola 16 pa 100 alionse a gasi. Ngati yanu ndi ya makedzana, mwa zija zimene nthambi ya boma ya Department of Energy imati zinkayenda pakati pa 56 ndi 70, nkhani isintha. Kuchoka pa 65 kufika pa 95 kumachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a gasiyo. Kapepala ka pafiriji kamatchula madola amene mudzawononge pachaka, koma ka paboiler kamangosiyira pa nambala. Kuwerengetsa zaka zimene ndalama yogulira idzabwerere ndi ntchito yanu, mabilu a miyezi yozizira ali patebulo.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene 95 yemweyo sakutchula. Kuti boiler ipitirire 90, imayamwa kutentha kwa mu utsi mpaka nthunzi ya mu utsimo isanduke madzi. Izi zimatheka pokhapokha madzi obwerera kuchokera kumarediyeta ali pansi pa madigiri 55 a Celsius. Akabwerera otentha kuposa pamenepo, 95 amatsalira papepala. Nyumba zambiri zogundizana za ku Washington, monga zimene Harry Wardman anamanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, zili ndi marediyeta achitsulo akuluakulu olemera zedi, ndipo amenewa nthawi zambiri amafunditsa chipinda ngakhale ndi madzi ofunda chabe. Uwu ndi mwayi. Koma nyumba zimene marediyeta ake amayendera nthunzi, osati madzi, sizingafike pa nambala zapamwambazi popanda kusintha mapaipi. Palinso za paipi yatsopano yotulutsira utsi, ndi kotayira madzi odontha m'boiler, zomwe zimavuta m'nyumba imene makoma ake awiri ndi ogawana ndi aneba.

Kapepalaka sikanena bodza. Kangochepetsa mawu. Sikanena kuti boiler ikhala zaka zingati, kapena ngati zipangizo zake zidzapezeka ikafa pakati pa usiku. Pulogalamu ya boma ya Energy Star imalangiza kuganizira zosintha boiler ikapitirira zaka 15, koma kuganizira si kugula, ndipo zachitsulo zosamalidwa bwino zimafika zaka 30.

Zoyenera kukuchititsani kugula yatsopano zimaoneka ndi maso pa boiler yeniyeniyo: madzi akudontha pansi chifukwa chitsulo chang'aluka, dzimbiri ladya mapaipi, mwaye wakuda pakhomo pa moto, lawi la gasi lachikasu m'malo mwa labuluu. Choopsa koposa ndi mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha ndipo umapha anthu ali mtulo. Pamenepo palibe zodikira.

Ngati zonsezi palibe ndipo boiler yanu ili cha m'ma 80, isungeni. Itanani katswiri aiyeze chisanu chisanafike, mutseke mipata ya m'mawindo ndi kudenga, ndipo muike kachipangizo kochenjeza za carbon monoxide pafupi ndi zipinda zogona.