Phunziro la Madzi: Kuloweza Kapena Kuona?

M'makalasi apamwamba a sukulu za pulayimale muli phunziro lina la sayansi limene mwana angathe kulikhoza pa mayeso koma osalimvetsa. Phunzirolo limati zinthu zimapezeka m'mikhalidwe itatu: zolimba ngati mwala, zamadzimadzi ngati mafuta, ndi za mpweya. Chitsanzo chake chachikulu ndi madzi, pakuti amaundana, amasungunuka, ndiponso amasanduka nthunzi. Chiphunzitsocho n'choona, n'chofunikanso. Cholakwika chili pa kaphunzitsidwe kake.

Kawirikawiri mphunzitsi amalemba mayina atatuwo pa bolodi m'Chingerezi, ana nawabwereza pamodzi kufikira atawaloweza. Mwana amene m'mawa womwewo anatunga madzi, nakoleza moto, natereka mphika, amatuluka m'kalasi akuganiza kuti madzi a m'buku ndi ena, a pachitsime ndi enanso. Kuloweza kotere kumabala zolakwa zitatu.

Cholakwa choyamba chili pa kuwira kwa madzi. Ana amaloweza kuti madzi amawira pa madigiri 100, pa muyeso wa kutentha umene unatchedwa dzina la Anders Celsius wa ku Sweden, amene anauyambitsa m'chaka cha 1742. Koma nambala imeneyo ndi ya malo otsika, olingana ndi nyanja yaikulu yamchere. Mpweya wotizinga uli ndi kulemera kwake, ndipo umapanikiza madzi mumphika. Munthu akamakwera kumtunda, mpweyawo umapepuka, choncho madzi amawira asanatenthe kwambiri. Ku Nsanje amawira pafupi ndi madigiri 100. Ku Dedza, kumene kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, amawira pa madigiri pafupifupi 95. Pamwamba pa Sapitwa, pa phiri la Mulanje, mamita 3,002, amawira pa madigiri pafupifupi 90. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kumapiri. Mwana wa ku Dedza akayeza madzi owira n'kupeza 95, adzayesa kuti walakwitsa, chikhalirecho wapeza choonadi.

Cholakwa chachiwiri chili pa nthunzi. Ana amaonetsedwa chithunzi cha ketulo yotulutsa chinthu choyera ngati utsi, nauzidwa kuti amenewo ndiwo madzi osanduka mpweya. Si choncho ayi. Madzi akasanduka mpweya saoneka ndi maso. Woyang'anitsitsa pakamwa pa ketulo yowira adzaona kampata kopanda kanthu, ndipo choyeracho chimayambira patsogolo pake. M'kampatamo ndimo muli nthunzi yeniyeni. Choyeracho ndi timadontho ta madzi, nthunzi itazizira, monga momwe ilili nkhungu ya m'mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma phunziro lothamangira mayeso silipatsa mwana mpata wodekha.

Cholakwa chachitatu ndicho kubisa chodabwitsa cha madzi. Zinthu zambiri zikalimba zimachepa msinkhu, nizimira m'zamadzimadzi zake. Madzi satero. Malita 10 a madzi akaundana amadzaza malo a malita pafupifupi 11, motero madzi oundana amayandama. Matalala akagwera m'ndowa ya madzi samira. Kumaiko ozizira, nyanja zimaundana pamwamba pokha, nsomba nizikhalabe ndi moyo pansi. Mwana amene wangoloweza mayina atatu aja sadzafunsa chifukwa chake, popeza palibe anamuonetsa kuti pali funso.

Aphunzitsi angayankhe kuti sukulu zambiri zilibe zipangizo, ndipo ana m'kalasi amachuluka. Kudandaula kumeneko n'komveka. Komabe phunziro ili silifuna zodula. Mtsuko wadothi umaziziritsa madzi chifukwa ena amatuluka pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi, nauma, natenga kutentha popita. Chovala chochapa chimauma padzuwa ngakhale madzi ake sanawire. Chivundikiro cha mphika chimachita madontho kunsi kwake, ndipo madonthowo alibe mchere ngakhale ndiwo zili ndi mchere. Zonsezi zili pakhomo, ndipo mphunzitsi wanzeru angayambire pa zimenezi, mayina a m'buku nadza pambuyo.

Nkhaniyi ikukhudzanso makolo, ngakhale amene aphunzira kuwerenga atakula kale. Mayi amene waphika zaka zambiri amadziwa khalidwe la madzi ndi manja ake. Mwana akabwera ndi mayina atatu aja, kholo limufunse kuti madzi a m'chovala chija apita kuti, ndi kuti madontho a pachivundikiro achokera kuti. Akalephera kuyankha, asadzudzulidwe, koma abwerere nalo funsolo kwa mphunzitsi wake, pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula. Sukulu imene ana ake amabwera ndi mafunso ochokera kukhitchini ndi kuchitsime ndiyo yayamba kuphunzitsa sayansi.