Wankhonya akabwerera, mdani wake ndi ndani?

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino tikambeko za mafilimu a nkhonya, aja a munthu amene anthu anamutaya kale kuti watha, kenako n'kuvalanso magolovesi. Nditenga awiri: Cinderella Man ya 2005 ndi Rocky Balboa ya 2006.

Yoyambayo ndi nkhani yoona. James J. Braddock anathyoka dzanja nthawi imene chuma cha America chinagwa, n'kumakagwira maganyu kudoko, mpaka kukalandira thandizo la boma. Mu 1935 anagonjetsa Max Baer n'kutenga lamba wa dziko lonse. Ndalama za thandizo zija anakabweza. Mungati nkhani yotere imadzigulitsa yokha, koma anthu sanakhamukire kukaonera, mpaka kampani ya AMC inalonjeza kubweza ndalama kwa amene filimuyo sinamusangalatse.

Nanga Rocky Balboa? Sylvester Stallone anali ndi zaka 60, ndipo ambiri atamva kuti akubwerera anangoseka. Nkhani yake ndi yopeka, ndiponso pamapeto Rocky amagonja pa mapointi. Komabe filimuyo inapanga ndalama zoposa madola 150 miliyoni, pomwe anaipanga ndi 24 miliyoni yokha.

Ena mudzati dzina la Rocky linali lodziwika kale. N'zoona. Koma ine ndikuona kusiyana kwina, pa mdani. Ron Howard, amene anatsogolera Cinderella Man, sanakhulupirire kuti njala ya ana a Braddock ndi mdani wokwanira. Ndiye anatenga Baer n'kumusandutsa chilombo chonyadira kupha anzake. Inde, Frankie Campbell anamwalira mu 1930 atamenyana ndi Baer, koma imfayo inamusautsa Baer, ndipo anathandiza banja lofedwalo. Mwana wake, Max Baer Jr., anadandaula poyera kuti bambo ake awanamizira. Munthu weniweni, wosatha kudziyankhira ali kumanda, anamudetsa kuti ife tiombe m'manja mokweza.

Mason Dixon, womenyana ndi Rocky, si woipa ayi. Ndi mnyamata wa lamba amene anthu sakumupatsa ulemu. Chimene chikumudya Rocky ndi ukalamba ndi imfa ya mkazi wake Adrian. Taonani: amatuluka mu ring'i oweruza asanalengeze n'komwe. Lamba alibe naye ntchito, ndipo oonera anamumvetsa.

Koma nafenso oonera tili ndi kathu. Timafuna kubwerera kokoma kokha. Filimu ya Ali ya 2001 imathera ku Kinshasa mu 1974, Muhammad Ali atagwetsa George Foreman. Kubwerera kwake kwa 1980, pamene Larry Holmes anamusambitsa zibakera mpaka mphunzitsi wake Angelo Dundee n'kuimitsa nkhonyazo pambuyo pa raundi ya 10, mulibemo. Akanaikamo, ndi angati mwa ife tikanakhalabe pampando?