Malo a Ophunzira Ciwelshi pa Eisteddfod

Caka ndi caka, m'mwezi wa August, anthu a ku Wales amasonkhana pa cikondwerero cao cochedwa National Eisteddfod, kumene amapikisana pa kuimba, kulakatula ndi kulemba. Kuyambira mu 1950 pali lamulo lakuti mipikisano yonse icitike m'Ciwelshi cokha. Ena amati lamuloli ndi mpanda wotsekereza alendo. Ine ndiona kuti ndilo limapatsa wophunzira cifukwa cobvutikira, pakuti anthu a ku Wales pafupifupi onse amadziwa Cingelezi, ndipo popanda lamulo lotere lilime likadathawira kumene kuli kofewa.

Kusowa kwa olankhula atsopano n'kwakukulu. Kalembera wa mu 2021 anapeza anthu 538,300 okha odziwa kulankhula Ciwelshi, pamene boma lao lifuna kuti afike 1,000,000 pofika 2050. Ana obadwira m'cinenerocho sangakwanitse ciwerengero cimeneci paokha.

Cifukwa cace ophunzira anawapatsa malo aoao ochedwa Maes D, ndiponso mphotho ya wophunzira wopambana pa caka, imene inayamba mu 1983. Pamalopo munthu amaphonya mau osaopa kusekedwa, ndipo ici n'cabwino. Koma cimene cindidetsa nkhawa ndi ici: msasa womangidwa kuti munthu abisalemo mvula ukhoza kusanduka nyumba yace. Nanga munthu amene walankhula Ciwelshi zaka makumi awiri, adzaleka liti kuchedwa wophunzira? Dzinalo limayamika, komanso limakumbutsa mwini wace kuti ndi mlendo.

Ulemu weniweni ndiuona pa bwalo lalikulu, pamene olemba amabisa maina ao ndipo oweruza amayesa nchito yokha. Mu 1985, ku Rhyl, Robat Powell anapata Mpando wa alakatuli, woyamba mwa ophunzira kutero. Mpandowo superekedwa wamba: ndakatulo yace iyenera kutsata malamulo a cynghanedd, amene amafuna kuti maliwu a m'mzere umodzi ayankhane mwa dongosolo, cinthu cimene cimagonjetsa ngakhale eni cinenero ambiri. Oweruza sanamcitire cifundo, pakuti sanadziwe kuti iye ndani.

Christine James nayenso anakulira m'banja lolankhula Cingelezi, naphunzira Ciwelshi kusukulu. Anapata Cisoti ca ndakatulo mu 2005, ndipo kuyambira 2013 kufikira 2016 anali Archdruid, mtsogoleri wa miyambo ya alakatuli, mkazi woyamba pa udindowo. Iye ndiye anaima pa bwalo kubveka eni cinenero zisoti zao.