Mphunzitsi Amene Analibe Mphunzitsi

Woimba chitoliro kawirikawiri amatha kutchula amene anamuphunzitsa, ndipo mphunzitsiyo nayenso amatchula wake. Nanga chida chikakhala chete zaka 300, wofuna kuchidzutsa apite kwa yani? Funso limeneli tiyenera kuliika patsogolo poweruza ntchito ya David Munrow, Mngelezi amene anabadwa mu 1942 namwalira mu 1976 ali ndi zaka 33 zokha.

Ali pa maphunziro ku Cambridge, Munrow anaona chitoliro chotchedwa crumhorn chitapachikidwa pakhoma m'chipinda cha mphunzitsi wina, Thurston Dart. Ndi chitoliro cha mtengo, chopindika kumunsi ngati ndodo ya nkhalamba. Bango lake limakhala m'kati mwa chivindikiro kotero kuti milomo siilikhudza, ndipo kulira kwake nkonga kwa bemberezi. Anthu a ku Ulaya anachitaya m'zaka za m'ma 1600. Munrow anachibwereka nadziphunzitsa yekha, kenaka nasonkhanitsa zina zambiri. Mu 1967 iye ndi Christopher Hogwood anayambitsa gulu la Early Music Consort of London. Anaphunzitsanso ku Royal Academy of Music, ndipo kuyambira 1971 mpaka 1976 anaulutsa mapulogalamu 655 a Pied Piper pa wailesi ya BBC, makamaka polinga achinyamata.

Tsono mlandu ulipo, ndipo si waung'ono. Titenge nyimbo za Guillaume de Machaut, Mfalansa amene anamwalira mu 1377. M'mabuku akalewo nyimbo zake zambiri zili ndi mizere iwiri kapena itatu yoimbidwa pamodzi. Mzere umodzi uli ndi mawu, inayo ili ndi manotsi okhaokha. Bukulo silinena amene aimbe mizere yopanda mawuyo. Munrow, monga anzake ambiri a nthawi imeneyo, anaganiza kuti popanda mawu mpoyenera zida, ndipo ndi mmene anachitira m'mbale zake za mu 1973 zotchedwa The Art of Courtly Love. Patapita zaka 10, Christopher Page ndi gulu lake la Gothic Voices anajambula nyimbo za Machaut yemweyo ndi mawu a anthu okha, atatsimikiza kuchokera m'zolembedwa zakale kuti kuimba kotere kunali kozolowereka.

Tikamvera mbale ziwirizi motsatana, ife tikuti pa mfundo imeneyi Page ndiye akhoza. Mwa Munrow khutu limathamangira chida chachilendo n'kuiwala nyimbo. Mwa Page mawu amagundana pang'ono, kenaka n'kugwirizana, ndipo mpamene munthu amazindikira chimene Machaut anali kumanga. Munrow anazikonda kwambiri zida zake, mpaka kumazilowetsa pa phwando limene sizinaitanidwe.

Komabe sitinganene kuti anatinyenga. Katswiri wa mabuku angathe kulemba kuti nkhani iyi siidziwika, n'kutseka buku lake. Woimba alibe mwayi wotere: anthu akhala pansi, nthawi yakwana, ayenera kuuzira mpweya m'chitoliro, ndipo mpweyawo utuluke mofulumira kapena pang'onopang'ono, mokweza kapena motsitsa. Tisaiwalenso kuti Page anapeza anthu ofuna kumva mtsutso wake chifukwa Munrow anali atawakopa kale. Iye asanabwere, nyimbo zimenezi zinali za anthu owerengeka.

Chimene chikutidetsa nkhawa nchina. Munthu wopanda mphunzitsi akasanduka mphunzitsi, zimene iye anangoganizira ophunzira ake amazilandira ngati mwambo wa makolo. Nyimbo zimene Munrow anakonzera sewero la pa kanema la The Six Wives of Henry VIII mu 1970 zinamveka m'nyumba zosawerengeka, ndipo ambiri anakhulupirira kuti kale kunkamveka chomwecho ndithu. Mbale siinena kuti apa ndinangoyesa. Choncho wophunzitsa zitoliro zakalezi ali ndi udindo umene wophunzitsa piyano alibe: kumuuza mwana pamene buku lathera ndi pamene maganizo a mphunzitsi ayambira.

Mu 1977, Munrow atamwalira kale, zombo ziwiri za mumlengalenga za Voyager zinanyamula mbale yokutidwa ndi golide, ndipo m'menemo muli gulu lake likuimba gule wa Anthony Holborne. Buku la Holborne la mu 1599 limanena lokha pa tsamba loyamba kuti magule ake angathenso kuimbidwa ndi zida zouzira.